Matailosi a m'Bafa la Apongozi

Apongozi anga aakazi atakokera madzi a m'mipope kunyumba kwawo ku Ntcheu Boma, anafuna kuwonjezera shawa pamwamba pa bafa. Ine mkamwini, wodzitama kuti ndinagwirapo ntchito yomanga ku Joni, ndinadzipereka kuika matailosi pakhoma.

Khomalo linali ndi penti ya mafuta yobiriwira. Mmisiri aliyense amadziwa kuti penti yotere umayamba waipala, n'kugogoda khoma ndi tchizulo kuti simenti igwire. Ndinapala pang'ono, mkono n'kutopa, ndiye ndinangomata matailosi pamwamba pa pentiyo. Zinaoneka bwino moti amayi a kumpingo ankabwera kudzaona.

Patangotha sabata ziwiri, ine ndi mkazi wanga tili pakhonde Lamlungu m'mawa, tinamva chiphokoso kubafa, kenako mfuu: "Mayo ine!" Matailosi anali atawagwera apongozi akusamba. Mkamwini salowa kumene apongozi akusamba, choncho ndinangoima panja ngati chitsa, mkazi wanga akuthamangirako.

"Ndi simenti ya masiku anoyi," ndinatero mokweza dala kuti amve. "Amaisakaniza ndi phulusa."

Masana, apongozi atamanga nsanza chala chakuphazi, anatuma mkazi wanga ndi kanthu kokulunga mumpango.

"Amayi akuti muone kumbuyo kwake."

Linali tailosi. Simenti inali itagwira ndithu, ndipo pamwamba pake panamatirira penti yobiriwira ija, yosalala bwinobwino. Ndinasowa poyang'ana.

Mpaka lero apongozi sanandifunsepo kanthu, inenso sindinapepese. Amangouza alendo, ine ndili pompo, kuti, "Awa ndi aja anaphunzira ntchito ku Joni."