Diresi Linakwera Lole, Telala Anakwera Sitima

"Ndiye ndikuti malo alipo m'lole langa, achimwene, kutsogolo kwenikweni, pambali panga. Lachinayi m'mamawa tanyamuka, tiyi tikamwera ku Lilongwe, dzuwa likamalowa tili mu Limbe. Simulipira kanthu. Mukufunanso chiyani, ndikuberekeni kumsana?"

Amene ankayankhulawo anali Che Asani, mwini sitolo yansalu pa Malomo. Amene ankauzidwawo anali a Yeremiya Kamphinda, telala amene anasoka pakhonde la sitoloyo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Linali Lachiwiri, mwezi wa Okutobala, 1976, ndipo Loweruka lake mwana mmodzi yekhayo wa a Yeremiya, Esitere, mphunzitsi ku Limbe, amamanga ukwati mu tchalitchi. A Yeremiya anangopalasa makina, pamene pansi pa singano panalibe nsalu.

Felton, mwana wa mlongo wawo, anali atakhala pa thumba la mchere n'kumaonerera. Anali atangotha miyezi inayi chibwerere ku Bulawayo, kumene bambo ake anapita naye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Zonse za pa Malomo zinkamuchedwera: moni wake wautali, basi yake, ngakhale mvula. Tsitsi lake lalitali anam'meta pachipata polowa m'dziko, poti lamulo linkaletsa, ndipo mkwiyo wake unali usanathe.

Chimene chinatseka amalume ake pakamwa iye ankachidziwa. Chinali kunyumba, pamwamba pa moto wa zitsononkho.

Malemu Elizabeti, akazi a a Yeremiya, anagula kamwana ka nkhumba ku Madisi chaka chimene Esitere anayamba ntchito. Ankakadyetsa gaga n'kumati, "Iyi ndi ya ukwati wa mwana wanga, wina asaiyang'ane kawiri." Iwo anamwalira ukwati usanamveke n'komwe. Nkhumba inatsala, inakula, ndipo a Yeremiya anakana ogula onse, ngakhale chaka chimene fodya anawapsera. Lolemba anaipha, n'kuyamba kuwamba. Tsono nyama imeneyo akanaikweza bwanji m'lole la Msilamu? Zaka zonsezi sanabwerepo ndi kanthu ka nkhumba pakhonde paja. Mwezi wa Ramadani ankakadyera chimanga chawo chootcha kuseri kwa chigayo kuti fungo lisavutitse mnzawo. Kuitchula nkhumbayo pamaso pa Che Asani kunali ngati kuwalavulira, kuisiya kunali ngati kum'kana Elizabeti.

Felton akanangonena mawu awiri. M'malo mwake anaona mpata woonetsa kuti anayendako.

"Che Asani, musavutike," anatero. "Amalume ndikupita nawo pa sitima. Munthu wa tsiku lalikulu asamafike ali mbuu ngati thumba la ufa. M'sitima umakhala ngati uli pakhonde, umatambasula miyendo, nthawi yofika imadziwika."

"Sitima yake iti, mwana iwe?"

"Ya ku Salima. Lachinayi seveni koloko m'mawa." Anatulutsa kapepala ka nthawi za sitima kamene anapatsidwa ndi kalaliki wina wa pa boma.

Che Asani anayang'ana a Yeremiya. "Ndi zoona, a Telala? Lole langa lakuchepelani?"

"Ayi, si choncho," anatero a Yeremiya, maso ali pa singano. "Kungoti mwanayu wakonza kale. Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa."

Che Asani sanaseke. Anangoti, "Chabwino," n'kulowa m'sitolo.

Diresi lokha ndi limene a Yeremiya anapatsira Che Asani. Analisoka miyezi itatu, Lamulungu lokha ndi limene ankalisiya, ndipo sanafune kuti likhale pafupi ndi utsi wa nyama. Analikulunga m'nsalu yoyera. M'munsi sanapinde. Munthu amene anasoka madiresi a akwati a Malomo yense, mpaka ku Bowe, anali ndi lamulo limodzi: diresi la ukwati salipinda mwini wake asanalivale ndi nsapato zake. Anati akalipinda Lachisanu, atagwada pa mapazi a mwana wake. Singano ndi ulusi woyera anazibaya kukolala ya jekete.

Ananyamuka Lachitatu, tsiku lathunthu lole lisananyamuke, nyama ili m'debe lomanga ndi luzi. Basi inawatenga mpaka pa Mponela. Pamenepo anyamata a chipani anaima pakhomo la basi ina kufunsa makhadi, ndipo Felton analibe.

"Ndangobwera kumene," anatero.

"Mwabwera kumene, koma mpweya wa kuno mwayamba kale kupuma," anatero mnyamata wa chibonga. "Gulani, bwana."

Anagula. Kondakitala naye anati debe lilipire ngati munthu, poti likhala pampando. Anatsika zitunda za Mvera kamphepo ka kwawo kakutsalira kumbuyo, ndipo pofika ku Salima kunja kunali ngati m'ng'anjo. Anagona ku nyumba ya alendo, nayonso yolipira.

Lachinayi sikisi koloko anali kale pa siteshoni. Panalibe munthu, mbuzi zokha. Bambo wa pawindo anatenga kapepala ka Felton, anakatembenuza, n'kuitana mnzake kuti adzaone.

"Aka n'kakale, achimwene. Ya anthu ndi mawa."

"Koma palembedwa apa!"

"Eya, palembedwa. Kwerani pomwepo."

Felton anayankhula Chizungu chambiri, cha ku Bulawayo, ndipo bambo uja anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anatseka windo. Nthawi imeneyo lole la Che Asani linali litadutsa kale pa Mponela.

A Yeremiya anafunsa kamodzi kokha. "Mphwanga, tikabwerera ku Lilongwe n'kukagwira basi, bwanji?"

Apa ndi pamene Felton amakumbukira kwambiri mpaka lero. Njira inalipo. Koma kubwerera kunali kuvomera kuti walakwa, ndiponso kudya ndalama zimene amalume anasungira kukafupa mwana wawo. "Mawa ndi Lachisanu, amalume," anatero. "Tikanyamuka m'mawa, madzulo tafika. Mupinda diresi nyale isanayatsidwe." A Yeremiya anagwedeza mutu. Sanali munthu wotsutsa wophunzira. Moyo wawo wonse sitima anaikwerapo kamodzi, ali mnyamata, ndipo chimene ankakumbukira ndi kulira kwake basi.

Tsiku lonselo anakhala pansi pa mtengo wa mango, debe lili pakati pa miyendo. Ankalisuntha kutsata mthunzi. Kumeneko ndi kumene Felton anamva mbiri ya amalume ake koyamba: kuti kusoka anaphunzira kwa m'bale wina wa ku mishoni amene ankawamenya zala ndi tepi; kuti makina anawagula ndi mtedza wa zaka zitatu; kuti tsiku limene anafika pa Malomo atasenza makinawo, masitolo onse anawakaniza khonde, kupatula Asani, amene panthawiyo ankagulitsa sopo wodula ndi mpeni. "Anandiuza kuti, khalani apo, mukandiitanire makasitomala ndi phokoso lanulo. Mpaka lero sanandiuzepo mtengo wa khonde."

Lachisanu sitima inabwera, koma inanyamuka dzuwa lili paliwombo. Kutsogolo kunali mabogi a katundu, anthu kumbuyo, pa mabenchi a matabwa, nkhuku ndi mitolo ya nsomba zouma m'mipata. Inkayenda pang'ono n'kuima, kubwerera m'mbuyo, kukoka bogi la thonje, kuimanso. Felton ankayang'ana wotchi yake mpaka mayi wina wa mtanga wa tomato anamuseka.

"Achimwene, wotchiyo ikukoka sitima?"

Cha m'ma folo koloko fungo linayamba. Nyama inawambidwa masiku awiri okha, ndipo mafuta a nkhumba sapirira kutentha kwa kuchigwa. Anthu anayamba kusuntha, ana kugwira mphuno. Mayi wa tomato uja anati, "Agogo, m'debemo muli maliro a ndani?" Bogi lonse linaseka. A Yeremiya anamasula luzi, anasuzumira, n'kutsekanso msanga. Sitima itaima pa kasiteshoni kena ka m'tchire, anatsika ndi debe lija, anapita kuseri kwa chulu, ndipo anabwerako nalo lopanda kanthu, atalitsuka ndi mchenga. Agalu a pamenepo anachita phwando.

"Elizabeti andikhululukire," anatero pokhala pansi.

Pa kasiteshoni komweko injini inamasulidwa n'kupita yokha. Ena anati yakathandiza sitima ya katundu imene yafera kutsogolo, ena anati yakamwa madzi. Wofunsa analibe womufunsa. Msewu unali kutali, ndipo kunalibe galimoto. Anagona pa mabenchi.

Loweruka injini inabwerera dzuwa litakwera. Pamene ankalowa mu Balaka, a Yeremiya, amene ulendo wonse sanafunsepo nthawi, anagwira mkono wa Felton.

"Yakwana bwanji?"

"Teni koloko, amalume."

Anavula chipewa, anachiika pabondo, n'kuyamba kuyendetsa milomo. Anatsatira Misa yonse ya ukwati ali pa benchi, poyimirira anayimirira, ndipo mayi wa tomato uja, atamva nkhani yake, anakhalitsa chete ana ake. Felton anayang'ana panja. Pamsewu wa pafupi ndi njanji malole ankadutsa, limodzi, lina, linanso, kulowera kumwera.

Anafika ku Limbe dzuwa litapendeka. Pabwalo la sukulu pamene panali madyerero anapeza amayi akutsuka miphika, anyamata akubweza mabenchi m'makalasi. Esitere anali atavula kale diresi. Atawaona anathamanga osavala nsapato, anagwada, n'kuwagwira miyendo.

"Ababa, ndinauza abambo mfumu adikire. Anadikira theka la ola. Ndimangoyang'ana kukhomo."

"Ndabwera, mwana wanga," anatero a Yeremiya. "Ndabwera." Dzanja lawo linapita kukolala, pamene panali singano, n'kubwerera.

Che Asani analipo, atakhala pa mpando pansi pa mtengo, kofia ili kumutu. Anafika Lachinayi lomwelo dzuwa lisanalowe. Lachisanu anapita ku siteshoni kawiri. Loweruka m'mawa, ataona kuti telala kulibe, anagula mapini m'sitolo ya Mmwenye, ndipo amayi a mpingo anapinda diresi ndi mapiniwo. Che Asani anaima panja pa tchalitchi, pawindo, Misa yonse, kuti pakhale munthu wa pa Malomo woona ndi maso.

"A Telala," anatero, "tsopano ndiuzeni. Ndinakulakwirani chiyani?"

A Yeremiya anayang'ana debe lopanda kanthu lija. Felton ndi amene anayankha, mochedwa ndi masiku anayi. Anafotokoza zonse, za Elizabeti, za nkhumba, za kapepala.

Che Asani anavula kofia, anakanda m'mutu, n'kuivalanso. "Nkhumba ija? Imene inkalira kumveka mpaka kusitolo? Mumayesa sindinkaidziwa? Inu achimwene inu! Mukanamanga debe lanulo kumbuyo, pamwamba pa matayala. Wosala ndine, lole silisala." Anaseka pang'ono, koma kuseka kunathera panjira. "Zaka zonsezi khonde limodzi, ndiye mukandiope ngati mlendo? Ine masiku anayi ndakhala ndikuganiza kuti mwanyansidwa nane."

"Ndinkakulemekezani," anatero a Yeremiya.

"Ulemu wanuwo wakudyerani ukwati."

Lolemba anabwerera pa lole, atatu kutsogolo, mabelo a nsalu kumbuyo. Asananyamuke a Yeremiya anapempha kuti aime pa situdiyo ya wojambula amene anali ku ukwati. Zithunzi zikuluzikulu sakanazitha, ndalama zinathera m'njira. Anagula kamodzi kakang'ono, kokwana m'chikhato: Esitere ndi mwamuna wake pa masitepe a tchalitchi. Anakakulunga m'mpango n'kukaika m'thumba la m'kati.

Pa Malomo anafika tsiku lomwelo, nkhuku zisanalowe.

A Yeremiya anasoka pakhonde paja zaka zina zisanu ndi zinayi, mpaka maso atakana. Sitima sanaitchulenso, ndipo Felton sanam'dzudzulepo ngakhale tsiku limodzi, chimene kwa Felton chinali chowawa kuposa kutukwanidwa. Kachithunzi kaja kankakhala m'kabokosi ka makina, pamodzi ndi masingano. Makasitomala akachepa ankakatulutsa, kukayandikiza kumaso, chala chikuyenda m'munsi mwa diresi.

"Taona, mphwanga," ankatero. "Mbali ya kumanzereyi yatsika. Pang'ono pokha, chala chimodzi. Koma yatsika."