Manda a Msilikali wa ku Ayalandi

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku Mongue. Chimanga chinali chitakhwima, ndipo bambo ankasunga mfuti yawo ya gogodera mumsasa wa kumunda chifukwa cha anyani. Tsiku lina atatsikira kumtsinje, ndinaitenga n'kuilozetsa kwa mlongo wanga Rosa, amene ankasenda chinangwa.

"Kweza manja, wagwidwa!" ndinatero.

Rosa anangoseka. "Choka apa iwe, ilibe kanthu imeneyo."

Chala changa chinali kale pa kachitsulo kowombera pamene bambo anatulukira. Sanandimenye. Anandilanda mfutiyo modekha n'kunena kuti, "Tiye." Tinadutsa m'chimanga mpaka kumapeto kwa munda, pamulu wa miyala pamene sitinkalimapo. Ine ndinkayesa kuti ndi miyala wamba yotola polima.

"Apa pagona msilikali wachizungu wa ku Ayalandi," anatero bambo. "Anabwera ndi Angerezi pothamangitsa Ajeremani. Agogo anga anali mtengatenga wake, ankamusenzera bokosi. Zipolopolo za adani zinamuphonya, malungo anachira. Amene anamupha ndi mnzake wodya naye mbale imodzi, akupukuta mfuti imene ankati ilibe kanthu."

Anandiuzanso kuti mnyamatayo anafa atagwira kolona, akuitana wansembe amene panalibe, ndipo amtengatenga ndiwo anamuunjikira miyala kuopa afisi. Dzina lake palibe amene analigwira bwino.

"Nanga wowomberayo anatani, bambo?"

"Anapitiriza ulendo ndi anzake. Nkhondo sinkadikira maliro. Koma agogo ankati mpaka kusiyana naye, sanamumvenso akuyankhula."

Kenako anandipatsa mfuti ija. "Loza pachulu icho. Koka."

Ndinakoka. Kulira kwake kunanditseka makutu, chitako cha mfuti chinandigwetsa chagada, ndipo fungo la wonga linandilowa mpaka kukhosi. Utsi utachoka ndinaona kuti mbali ina ya chulu yagumuka. Rosa anafika akuthamanga kudzafunsa ngati tapha nyani. Ndinalephera kumuyang'ana kumaso. Bambo anangoti, "Iyayi mwananga, bwerera," ndipo nkhaniyo sanaitchulenso mpaka imfa yawo.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti ananditengera pamandapo kuti ndimvere chisoni wakufayo, amene anagona kutali ndi kwawo popanda dzina. Tsopano ndakula, ndikudziwa kuti ankandionetsa winayo: amene anatsala wamoyo, nanyamula mfuti yake n'kumayendabe.