Fosholo ya a Kanyimbi

Dzina loti Kanyimbi anawapatsa ndi anzawo akuntchito, pamalo omwetsera mafuta, chifukwa ankanunkha petulo ngakhale atasamba kawiri. Iwo sankakhumudwa nalo. Wonunkha sadzimva, komanso mphuno zawo zinali zitafa kalekale. Zaka makumi awiri zolowa m'mathanki apansi pa nthaka zinawasiya osasiyanitsa fungo la sopo ndi la khoswe wakufa.

Anali munthu wochepa thupi, n'chifukwa chake ntchitoyo inali yawo, poti pakamwa pa thanki m'popanikiza. Akapopa mafuta onse, ankawamanga chingwe m'chiuno n'kuwatsitsa ndi ndowa kuti akakokolole matope akuda amene amadikha pansi. Lamulo linkati chokokolera chikhale chapulasitiki. A Kanyimbi ankati umenewo ndi ulesi. Ankatsika mobisa ndi kafosholo kachitsulo n'kumapala mpaka pansi pa thanki pachite kung'anima. Kuti sanaphulike nayo unali mwayi chabe.

Nyumba yawo inali kuseri kwa mpanda wa malowo, ndipo pabwalo panali chitsime chimene anakumba okha chaka chimene anakwatira.

"Bambo a kuno, madziwa akununkha mafuta," akazi awo anatero tsiku lina.

"Ndi malaya angawa akukununkhiraniwo."

"Malaya ali pachingwe. Ndikunena madzi."

"M'mathankimo ndimalowamo ndine, mayi. Ali ngati atsopano. Kapena mukuti ntchito yanga sindiidziwa?"

Mayiwo ankangowiritsa madziwo n'kumwa atatsinzina, zaka zitatu zathunthu. Tisabise, makani a bambowa anali okwiyitsa. Kenako mayiwo anayamba kutupa miyendo, nkhope n'kutumbuluka, mpaka anagonekedwa m'chipatala. Adokotala anati impso zatopa.

Zitsime za anthu oyandikana nawo zitayambanso kununkha, kunabwera akatswiri a zachilengedwe ndi chimakina chokumbira. Anazula thanki n'kuigoneka pamtunda. Dothi lapansi pake linali lonyowa, lakuda bii, ndipo analituta m'malole sabata yonse. M'chitsime cha a Kanyimbi anathiramo simenti.

Mayi amene ankatsogolera ntchitoyo anasuzumira m'thankimo, a Kanyimbi ali pambali pake. Dzuwa linkalowa m'timabowo tambirimbiri.

"Taonani mizere iyi," anatero mayiyo. "Wina ankapala ndi chitsulo. Anachotsa utoto woteteza, dzimbiri n'kulowa, iye n'kumapalabe mpaka chitsulo kupyapyala. Inu mwakhalitsa pano, achikulire, ankatsuka ndani?"

"Ankasinthanasinthana," anayankha a Kanyimbi. Bodzalo linangotuluka lokha, ndipo anachita nalo manyazi.

Masana omwewo anapita kuchipatala. Anapeza akazi awo atatsamira pilo, akupuma movutikira.

"Apeza chiyani kumeneko?"

"Thanki inabooka."

"Ndinkadziwa ine. Koma musadziimbe mlandu, bambo. Oipa ndi eni ake aja, osagula yatsopano. Inu mmene munkaisamalira muja, kubwera kunyumba m'manja muli matuza okhaokha..." Anawagwira dzanja n'kumasisita chikhatho chawo chokhakhalacho.

A Kanyimbi anatsegula pakamwa kuti aulule. Nthawi yomweyo nesi analowa n'kulengeza kuti nthawi yoona odwala yatha, ndipo iwo anadzuka msangamsanga, osadikira kuuzidwa kachiwiri.