Madala a Maluwa Osafota

Madala oyandikana nafe amasamala mchenga wa kuphiri la Bromo ngati shuga. Kale ankathyola maluwa osafota pamwamba pa phirilo n'kumagulitsa kwa alendo, mpaka maluwawo anayamba kusowa, kuthyolako n'kuletsedwa. Lero amawafesa mumchengawo kuseri kwa khola la kavalo wawo. Njere zake n'zazing'ono ngati fumbi, moti akamafesa salola munthu kuyetsemula pafupi. Ukabwera ndi ndowa amakubweza: “Duwa ili linazolowera ludzu. Ukalimvera chisoni, ulipha.”

Zaka ziwiri sipanamere kanthu. Akazi awo ankawaseka: “Bambo, anzanu akukumba mbatatesi, inu mukulima mchenga!”

Chilimwe chathachi, mwambo wokumbukira makolo utayandikira, ansembe a m'mudzi mwathu anasowa maluwawo, ndipo popanda iwo nsembe sitheka. Madalawo anawagwira dzanja n'kupita nawo kuseri kwa khola. Kabichi m'minda anali atafota ndi dzuwa, koma pamenepo panali poyera ndi maluwa kuti mbee!

“Thyolani theka,” anatero madalawo. “Enawo n'ngambewu.”

Tsiku la mwambo anavala nsalu yatsopano n'kukakhala kutsogolo penipeni osaitanidwa. Palibe amene anawasuntha.