A Edmond ndi Sitima za ku Poznań

A Edmond Mkwezalamba anagwira ntchito pasiteshoni ya sitima ku Limbe zaka khumi ndi zinayi asanabwere kuno ku South Bend, ndipo khalidwe lapanjanji silinawachoke. Ukawaitanira chakudya amafika iwe ukadali kubafa. Ife anzawo akutchalitchi timawaseka, koma iwo alibe nazo ntchito.

Ntchito yawo kuno ndi yosamalira okalamba m'makomo. Chaka chatha anawatumiza kwa a Zygmunt, nkhalamba yochokera ku Poland imene inali itapirikitsa kale osamalira atatu. Inali itayamba kuiwalaiwala. Kudya inkakana, mankhwala inkalavula, moti mwana wake Melissa, nesi wa ku Indianapolis, ananenetsa kuti zikapanda kusintha pofika Isitala, akawasiya bambo akewo kunyumba yosungirako okalamba. A Zygmunt sankafuna n'kumva komwe.

Tsiku lachitatu a Edmond anaona chithunzi pakhoma: munthu wa chipewa ataima pafupi ndi bogi ya sitima. "Bambo, apa ndi pati?" Abale, anachita ngati atsegula mpopi. A Zygmunt anayamba kulongosola: ndi Poznań, siteshoni yaikulu! Inaphwasuka pankhondo, anaimanganso, ndipo masiku ano akuti anaiphatikiza ndi masitolo, zamanyazi zokhazokha. Mkulu uja anatchula sitima zonse zomwe ankanyamutsa akugwira ntchito pasiteshonipo, ya ku Warsaw, ya ku Berlin, ya ku Szczecin, ndi mphindi zake zomwe.

A Edmond analemba zonsezo kuseri kwa kalendala. M'mawa mwake anaima pakhomo la khitchini, wenzulo uli kukamwa. "Ya ku Warsaw inyamuka 7:42, phala lili papulatifomu yoyamba!" A Zygmunt anadzuka, kumanga mabatani mpaka m'khosi, n'kukhala patebulo. Sakanalola kuti sitima ichedwe chifukwa cha iwo. Mbale inayera mbee. Mankhwala anasanduka ya ku Berlin, kusamba ya ku Szczecin, imene kunena zoona inkachedwa kawirikawiri.

"Madala aja si ovuta ayi," a Edmond anatiuza. "Anzanga aja ankangowafosa, osawapatsa ndandanda."

Lachisanu Loyera Melissa anafika ndi sutikesi yopanda kanthu yoti alongedzeremo zovala za bambo ake. A Edmond mtima unali m'mwamba, chifukwa sikelo yopimira thupi la a Zygmunt inali itangosuntha pang'ono chabe. Itakwana 12:15 anaimba wenzulo. Melissa anali ataima pakhomo la khitchini, osadziwa kuti kwa bambo akewo waima panjanji. A Zygmunt anamugwira dzanja n'kumukokera kumbuyo.

"Melissa, chokapo apa mwanawe, ya ku Berlin ikulowa!"

Dzina limeneli anali asanalitchule chichokereni Khirisimasi. Melissa anaseka misozi ili mbwembwembwe, uku bambo ake akumeza okha mapiritsi awiri osawakakamiza. Madzulo ake anabwerera yekha ku Indianapolis, sutikesi ija ili yopanda kanthu.