Phesi la ku Ndake

Mlamu wanga anayamba kugulitsa nsapato za salaula, zovalidwapo kale, pamsika wa Petauke zipani zitangochuluka, nthawi imene mabelo ankatsika pa lole iliyonse. Patapita zaka, ine nditaphunzira za makompyuta ku Lusaka n'kubwerako chimanjamanja, anandiuza kuti ndimupangire sitolo ya pa intaneti, anthu aziona katundu pafoni m'malo mofukula mulu padzuwa.

Kujambula nsapato sikunavute. Chinandizunguza mutu ndi sefa. Ndinkafuna kuti munthu akadina zakuda, zasukulu, za mtsikana, zina zonse zichoke pompo, osadikira kuti tsamba litsegukenso, poti netiweki ya kwathu imayenda ngati ngolo ya ng'ombe. Ndinaikanso saizi. Koma kwathu ndani amadziwa saizi ya mwana? Mayi amadula phesi la chimanga molingana ndi phazi, n'kupatsira amene akupita kuboma. Choncho ndinawonjeza kabokosi: yeza phesi ndi rula, lembamo kutalika kwake, zitsale zokwana zokhazokha.

Poyesa sefayo ndinkayeza phesi la mwana wanga.

Banja langa linali litatha kale. Mkazi wanga anabwerera kwawo ku Ndake, ndipo mwana wathu wamkazi anapita naye, pakuti kumeneko mwana ndi wa kuchikazi. Sindinalimbane nazo. Ubambo wanga wonse unatsalira pa nsapato. Sukulu zikamatsegulira, mayi wina wogulitsa nthochi pa Nyimba ankapereka kaphesi kwa kondakitala, ine n'kukalandira pasiteshoni, ndipo nsapato zinkabwerera njira yomweyo. Mwana wangayo ndinkamuona akukula pagalasi la kompyuta. Chaka ndi chaka ndikalemba kutalika kwatsopano, tinsapato ta maluwa tinkazimiririka, n'kubwera zazingwe za atsikana aakulu. Ndinkakhala pamenepo kumwetulira ndekha ngati chitsiru.

Chaka china phesi silinabwere. Ndinachingamira mabasi mpaka makondakitala anayamba kundiseka kuti ndilembedwe ntchito yoitanira. Foni ya mayi a mwana wanga sinkalowa. Ndinatenga phesi lakale, ndinawonjezerapo chala chimodzi, ndipo sefa inandisiyira mapeya ochepa a nsapato. Ndinasankha zakuda zachikopa, ndinazipaka polishi, n'kukwera basi mpaka Nyimba, kenako njinga yahayala.

Ndinafika Lamulungu, atangoweruka kutchalitchi. Mwana wanga anagwada kundipatsa moni. Anali atatalika moti phukusi lija ndinalibisa kaye kumbuyo. Kumapazi kwake kunali nsapato zatsopano, za m'sitolo, osati za m'belo.

"Anagula amuna anga ku Chipata," anatero mayi ake, maso ali pansi. "Tinaona kuti tisazikuvutitsani, bambo."

Sindinkadziwa kuti anakwatiwanso. Ndinamasulabe phukusi, chifukwa ndikanatani nalo?

"Yesako, mwana wanga," ndinatero.

Anavula zake mosamala n'kuziika pampando. Analowetsa zala, anakankha, anathandizira ndi chala chamanja, koma chidendene chinatsala panja. Anayesanso phazi linalo, ngati mwina ilo lingandimvere chisoni.

"Ni zing'ono, atata. Pepani."

Anapepesa mwana, pamene wosadziwa phazi lake ndinali ine. Mtima unandipweteka kwambiri, ndipo umandipwetekabe. Ndinati ndikasintha, mawa lomwe nditumiza zazikulu, angondidulira phesi ndisanapite. Palibe amene anadzuka kukatenga mpeni.

"Osavutika," anatero mayi ake. "Zisiyeni chabe. Azavala mng'ono wake akakula."

Pakhomo panasuzumira kamtsikana kongoyamba kuyenda. Mwana wanga anakanyamula n'kukakhazika pamiyendo, ndipo anakalowetsa timapazi tonse tiwiri mu nsapato imodzi. Onse anaseka. Nanenso ndinaseka, poti ndinali mlendo.