Bernardina Anachedwa Kudandaula

Tsiku limene alimi a ku Lifidzi anamuseka, Bernardina anali ataima kutsogolo kwa gulu lonse, foni ili m'manja. Iye ndi mnzake Zita ndi amene analemba malangizo a m'Chinyanja a purogarama ya pafoni yozindikira chiwawu cha kachewere, mbatatesi ija. Malangizowo ankati: jambulani tsamba, kenako dinani kabotawu kobiriwira kam'munsi. Anthu anajambula. Kabotawuko panalibe.

"Kapena kagwa m'njira, mwanawe?" anatero a Silvestro, bambo ake a Zita. "Paja nonse awiri mayeso a desima, kalasi ya khumi ija, anakukanani. Ndiye muphunzitse ife?"

Anthu anaseka, nabalalika. Chaka chimenecho chiwawu chinatentha minda yambiri, ndi wa a Silvestro womwe.

Vuto linali ili. Purogaramayo ndi ya mtundu wotseguka: aliyense amaloledwa kuiona mkati, kuikonza ndi kuigawa kwaulere. Oipanga ndi anthu odzipereka a m'mizinda yakutali, ndipo amaisintha kawirikawiri. Koma kuti wolemba malangizo aone zosinthazo zisanafike kwa alimi, ankayenera kuika pa komputadolo zida zonse za opangawo, zolemera, zofuna intaneti yamphamvu. Atsikanawa anali ndi foni imodzi yong'aluka galasi. Ankalemba potengera zithunzi zakale.

Kuyesa anayesa. Ankakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, kupita ku Ulongwe kukabwereka komputadolo. Zidazo zinkatsika kuchokera pa intaneti mpaka theka, intaneti n'kuthawa. Akabwereranso, chimodzimodzi.

Koma opangawo akafunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji, Bernardina ankayankha kuti, "Zonse zili bwino, zikomo kwambiri." Kwathu kuno munthu akakupatsa chinthu chaulere, sumuuza kuti chikukulemera. Komanso mumtima ankati mwina vuto ndi mutu wake womwe uja wolephera mayeso.

"Auze, iwe!" ankatero Zita. "Ukuwaopa ngati apongozi ako bwanji?"

"Ndiwauze kuti sitikutha? Adzati kodi tinatola ndani?"

Munda utapsa, a Silvestro anati zamasewera zakwana, natumiza Zita ku Tete kukagwira ntchito ya m'nyumba. Ndipo pa awiriwo, wodziwa kulemba anali Zita. Chinthu chovuta ankachinena m'mawu oti ngakhale nkhalamba yosawerenga, ukaiwerengera, inkagwedeza mutu.

Bernardina anatsala yekha, koma sanasiye. Ankakazinga kachewere wogulitsa pamalire a Kalomwe, pakati pa malole ndi anthu onyamula katundu panjinga, ndipo makasitomala akachepa ankapukuta mafuta m'manja n'kumalemba. Purogarama ikasintha, iye ankakonza pambuyo, alimi atasokonezeka kale.

Mvula ina itayandikira, anaona kuti akaimanso pamaso pa anthu ndi malangizo olakwa, minda ipsanso. Anapita ku Ulongwe, najambula vidiyo yoonetsa zida zija zikuima pakati, nalankhula zoona zonse. Anaitumiza kwa opangawo.

Hélio, mmodzi wa opangawo, anamuimbira kuchokera ku Beira.

"Mana Bernardina, mlongo wanga, nthawi yonseyi mumalemba malangizo, purogarama osaiona? Bwanji simunanene?"

"Ndinkachita manyazi."

"Manyaziwo ndi athu. Ife tinkayesa aliyense ali ndi makina ngati athuwa."

Mvula isanagwe, opangawo anali atatsegula tsamba la pa intaneti. Wolemba amangolitsegula pafoni, amaona purogarama yatsopano, amadina chilichonse, n'kulemba malangizo pompo, osaika chida chilichonse. Kwa opangawo inali ntchito yochepa. Chimenecho ndiye chimamupweteka Bernardina mpaka lero.

Bernardina atabwerera ku Lifidzi, kabotawu kanali pamalo pamene malangizo ananena. A Silvestro anadina okha, nakhosomola. Olemba a zilankhulo zina, amene ankavutika chimodzimodzi mwakachetechete, anayamba kulowa patsambalo, ndipo tsopano Bernardina ndi amene amawalandira ndi kuwalangiza.

Anaimbira Zita. "Bwera, mnzanga, atikonzera. Pafoni pomwepa zikutheka!"

"Mochedwa, iwe. Ndinakwatiwa kuno, mwana ali m'njira, ndipo foni iyi ndi yobwereka. Ukanawauza nthawi ija..." Kuseri kunamveka mwana wa abwana akulira, foni n'kuduka.

Lero Bernardina amalemba yekha. Chiganizo chikamukanika, amatembenukirabe kumanzere, kumene Zita ankakhala.

Ndiye inu amene mukulimbana ndi chida chimene sichinapangidwe poganizira inu, osataya mtima. Koma kupirira kokha sikokwanira. Amene anachipanga sangakonze chimene sakuchidziwa. Auzeni lero pamene pakuvuta, mnzanu wogwira naye ntchito akadali pambali panu.